Nsonga ya Ndodo ya a Walter

Romford, 3 Malichi 2024

Okondedwa Adadi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukulamulirani. Ine kuno ndili bwino, kupatula mphuno yomwe yakhala ikudontha chifikireni.

Nayi kalata mwakhala mukuilirira ija. Dziko lonse likulankhulana pa foni, koma a hedimasitala opuma a ku Ntcheu akuti mawu a pa WhatsApp ndi mphepo, iwo akufuna pepala loti alichonge ndi bolopeni yofiira. Chongani. Mundipatse malikisi.

Ntchito ndi yomwe ija: kuyendera okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kumvetsera nkhani imodzi kasanu. Digiri ya utolankhani ija sinapite pachabe. Malipoti anga a zimene gogo wadya ndi zimene watulutsa alibe cholakwika cha galamala ngakhale chimodzi.

Andipatsa munthu watsopano, a Walter, zaka 81, akazi awo anamwalira, manja ayamba kunjenjemera. Tsiku loyamba ndikufunafuna tsache, ndinatsegula kachitseko ka pansi pa masitepe n'kupeza kabati yachitsulo yayitali ngati ine, yokhomeredwa kukhoma ndi mabawuti. Ndinafunsa ngati ndi mosungira mapepala a nyumba. Iwo osatekeseka n'komwe: "Ayi, muli mfuti ya bambo anga."

Adadi, ndinatsala pang'ono kutulukira pawindo. Ine ndinkadziwa kuti ku Mangalande kulibe mfuti. Apolisi enieniwo amazungulira msika wa Romford chimanjamanja, kawailesi paphewa basi. Ndiye gogo wovala silipasi akhale nayo pafupi ndi tsache? Ndinaimbira ku ofesi. Akuti tikudziwa, zili mufayilo, uziwerenga fayilo. Anandinyoza mwaulemu, monga amachitira kuno.

A Walter anandikhazika pansi n'kunditulutsira mapepala. Kuti munthu asunge mfuti kuno, dokotala alembe kalata kuti mutu ukuyenda bwino. Munthu wina wodalirika aikire umboni kuti si wandewu. Wapolisi abwere kunyumba adzagwedeze kabati ija, aone ngati ingazuke. Pakatha zaka zisanu, zonse kuyambiranso. Ndiye kiyi! Akazi awo anakhala nawo zaka makumi asanu, anamwalira osadziwa pomwe kiyi amabisidwa, chifukwa wopanda chiphaso sayenera kudziwa. Kwathuko munthu amapatsidwa mkazi ndi mafunso ochepa kuposa awa.

Amayi asasiye mankhwala a BP chifukwa choti akumva bwino. Akumva bwino chifukwa cha mankhwalawo.

Za a Biswick mwalemba kumapeto kwa kalata yanu zija ndaziona. Papita zaka zisanu ndi zitatu, Adadi. Tizisiye.

Ndine mwana wanu,
Dyna

Romford, 7 Epulo 2024

Adadi,

Moni wa Pasaka, ngakhale wachedwa. Ndasangalala kumva kuti chimfine cha Amayi chatha. Kalata yanu yafika, ndipo ndaona kuti mwandipatsa 7 pa 10, malikisi atatu mwachotsa chifukwa cha chipongwe. Ndikuchita apilo.

Mwafunsa kuti gogoyo amasaka chiyani mumzinda wa njerwa. Mbale, Adadi. Amasaka mbale. Kunja kwa Romford, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda, kuli kalabu yawo. Makina amaponya kambale kadothi m'mwamba, munthu n'kukawombera. Sakadya. Sapita nako kunyumba. Akakaphwanya amagwedeza mutu, akakaphonya amagwedezanso mutu, kenako onse amakamwa tiyi. A Walter achita zimenezi Loweruka lililonse kuyambira inu musanalowe Sitandade 1.

M'mawa uliwonse ndimawawerengera nyuzi chifukwa maso awo atopa. Tikangofika pa nkhani ya mfuti, amayamba. "Taona chithunzicho, Dyna. Nkhani ndi ya mtengo wa chiphaso, chithunzi ndi cha munthu wobisa nkhope m'kakhwalala. Kalabu yathu zaka zonsezi wovulala ndi mmodzi, ndipo anapsa ndi ketulo. Unawerengapo zimenezo?"

Ine n'kuwafotokozera monga katswiri kuti ketulo si nkhani, nkhani ndi magazi. Tinaphunzitsidwa choncho, ndipo ndinakhoza bwino. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, mayang'anidwe anu enieni aja. Kaya okalamba mumakaphunzira kuti zimenezi.

Bwalya, mnzanga wa ku Zambia amene timakhala nyumba imodzi, sakuseka nawo. Iye ndi namwino kumalo olandirira ovulala. Akuti, "Iwe Dyna, mfuti ni mfuti chabe. Ine naona vamene imachita pa thupi ya mwana wa munthu." Ndipo sakunama. Chaka chatha anagwira dzanja la wovulala wina mpaka linazizira. Nyuzi inamupatsa malemuyo mizere inayi, dzina n'kulilakwitsa, mayi ake osafunsidwa kanthu. Ndiye mukuona, wokonda mfuti ndi wodana ndi mfuti onse akudandaula za anthu amodzimodzi, ife olemba.

Chomvetsa chisoni ndi manja aja. Akuipiraipira, ndipo a Walter sanadikire kuti awalande. Aimbira okha apolisi kuti akubweza chiphaso, mfuti ipite kwa wogulitsa wovomerezeka. Tangoganizani, munthu kudzineneza yekha! Apempha chimodzi chokha, kukawombera komaliza pa 4 Meyi, ine ndiwaperekeze. Ku ofesi avomera.

Denga la khitchini likonzedwe mvula ikangotha, ndipo si inu amene mukwere.

Dyna

Romford, 5 Meyi 2024

Adadi,

Ndili bwino kwambiri, kaya inu. Khalani pansi, magalasi mupukute.

Dzulo tinapita. Mnzawo wa ku kalabu anabwera ndi galimoto. A Walter anandiuza kuti nditembenukire kukhoma kuti ndisaone pomwe akutenga kiyi. Ine, munthu amene ndimawasambitsa! Anatulutsa mfutiyo, yamipope iwiri, chogwirira chake chamtengo chonyezimira ndi manja a mibadwo iwiri, n'kuiika m'thumba lake lalitali lachikopa.

Pakhomo pali masitepe atatu. Dzanja lina ndodo, dzanja lina chitsulo chogwirira, thumba likutsetsereka paphewa, ine ndili kumbuyo chimanjamanja. Mwana woleredwa ndi inu angaonerere zimenezo? Simunandikwapule ine pa msika wa Ntcheu chifukwa chosiya Agogo atasenza mtolo ine ndikudya nzimbe? Ndinangoti, "Bweretsani kuno," n'kulandira katundu wa wamkulu mpaka pagalimoto. Mapazi khumi ndi asanu. Iwo anati zikomo. Katani ya nyumba yoyang'anana nayo inagwedezeka, koma makatani a kuno amangogwedezeka choncho.

Malowo, Adadi! Udzu wobiriwira mpaka maso kuwawa, ndipo kutali uko nyumba zazitali za London zikuoneka ngati mano a chipeso. Anthu pafupifupi makumi atatu, aliyense ndi mfuti, koma mantha ayi. Aliyense amayenda mfuti yake ataithyola pakati pomwe imatsegukira, itapachikidwa pamkono ngati jekete, kuti mnzake aone ndi maso kuti mulibe chipolopolo. Bambo wina, akuti anali woweruza milandu, anaitseka asanafike poimira, ndipo mayi wina wokonza mapaipi anamukalipira pamaso pa onse, iye n'kupepesa ngati mwana wa Fomu 1. Sindinaonepo mwambo wotere ngakhale pa Mgonero.

Nthawi ya a Walter inakwana. M'mawa womwewo anali atataya theka la tiyi pamalaya. Mlangizi wa kalabuyo anaima kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri. A Walter ananyamula mfuti, mipope ikuvina. Koma thako la mfutiyo litangokhudza phewa, tsaya n'kugona pamtengo, manja anaima. Zii. Ngati wina wazimitsa matenda ndi switchi. Anakuwa kuti "Pull!" kuuza wa makina kuti aponye, kambale kanauluka, kenako kanasanduka kautsi kakuda m'mwamba. Pa khumi anaphwanya zisanu ndi ziwiri, ndipo ziwiri zomaliza zonse.

Anaithyola mfuti, n'kuipereka kwa mlangizi. Palibe anaomba m'manja. Amuna aja anangovula zipewa. Manja anayambiranso kunjenjemera, ndipo a Walter anawayang'ana ngati akuyang'ana alendo obwera msanga.

Ndinalira, Adadi. Ine, wa pakamwa ine. Ndikanakhala ndikadali mtolankhani, imeneyi ndiyo nkhani ndikanalemba, ndipo edita akanaitaya.

Dyna

Romford, 9 Meyi 2024

Adadi,

Ndili moyo, sindili m'ndende, ndipo ndilibe AK47.

Kalata ya Lamlungu ija ikadali m'njira, idzakupezani pakatha masabata atatu. Bodza lafika pa Ntcheu m'maola atatu. Mwapambana, mawu a pa foni ndi mphepodi, koma mphepo ya mkuntho.

Katani ija inali ndi foni. Lachiwiri kanyuzi kena ka pa intaneti ka dera lino kanatulutsa chithunzi: ine, yunifomu ya ntchito, baji pachifuwa, thumba la mfuti paphewa, nkhope ngati ndikupita kukalanda boma. Kunali kuzizira, Adadi, nkhope yanga imatero. Mutu wa nkhani: wosamalira okalamba aoneka ndi mfuti mumsewu, anthu ali ndi mantha. A Walter anali pambali panga penipeni. Awadula. Pakona ya chithunzi patsala nsonga ya ndodo yawo yokha, kamphira kakuda kaja.

Masamba a pa intaneti a kwathuko anaitola. Pofika masana ndinali nditagwidwa. Pofika madzulo mfuti zinali zitatu.

Ku ofesi andiimitsa ntchito pomwe akufufuza. Mabanja awiri aimba kuti mtsikana wamfuti uja asadzapondenso kwa amayi awo. Mukudziwa kuti viza yanga inamangiriridwa ku ntchitoyi. Akandichotsa, ndili ndi masiku 60 oti ndipeze ondilemba ena, ndipo aliyense wolemba ntchito amayamba wafufuza dzina pa intaneti.

Dzulo munaimba. Ndinamva Amayi akulira chapatali. Muwauze kuti Lamlungu apite kutchalitchi ndithu, akhale pamalo pawo pa masiku onse.

Dyna

Romford, 26 Meyi 2024

Okondedwa Adadi,

Ndikudya, ndikugona mwa apo ndi apo. Bwalya akundikakamiza kuyenda. Lamlungu lathali anandikokera ku mapemphero a Amalawi ku Woolwich, komwe amayi anandikumbatira mwachikondi chachikulu zikwama zawo atazipanira kukhwapa.

Za apolisi zatha bwino, ndipo zandidabwitsa. Anabwera mayi amene amayendera kabati ya a Walter, anatifunsa aliyense payekha, n'kulemba zonse. Akuti lamulo lawo lili ndi ndime yakalekale yolola munthu kunyamulira mwini chiphaso mfuti popita kumasewera, ngati mwiniyo wamutuma. Anafunsa a Walter ngati anandituma. Iwo anati, "Analanda yekha, koma ndinati zikomo, ndipo Mngelezi akati zikomo ndiye kuti watuma." Mayiyo anabisa kumwetulira m'kabuku, kenako anandichenjeza kuti ulemu wa kwathu ndiziyamba ndaufunsa kaye. Ndiye onani mbiri ya banja lathu. Agogo anu ankanyamulira bwana DC mfuti m'mapiri a Kirk Range. Mwana wa mdzukulu wawo wapita ku yunivesite, wakwera ndege, kudzanyamulira mzungu mfuti ku Romford. Chitukuko!

Koma ku ofesi akuti vuto si lamulo, vuto ndi mbiri ya kampani. Nkhani ija ikadalipo, pansi pake ndemanga mazana asanu ndi anayi. Adzagamula pa 28 Juni.

M'kalata yanu simunandikalipire. Mwangolemba funso limodzi: chithunzicho anachidula bwanji? Mukudziwa kuti ndikudziwa. Chabwino, ndilembe, popeza mwadikira zaka zisanu ndi zitatu.

Ndinali mtolankhani watsopano. Apolisi anayala pabwalo mfuti zolandidwa kwa achifwamba kuti tijambule. Tsiku lomwelo a Biswick, mkulu wa mpingo mnzanu, anabwera kudzakonzetsa chiphaso cha mfuti yawo yothamangitsira nguluwe kumunda. Anaima pambali kuonerera, mfuti kudzanja lamanja, chiphaso kudzanja lamanzere. Chithunzi chinali chachikulu, danga papepala linali laling'ono. Ndinadula dzanja lamanzere. Pansi ndinalemba kuti mmodzi wa oganiziridwa. Sindinaname dala, Adadi, ndinangoganiza. Inu munabwera ndi nyuziyo mpaka ku Blantyre n'kundifunsa kuti, "Unawafunsa?" Ine ndinati, "Adadi, inu simudziwa dedilaini." A Biswick anawatsitsa pa ukulu wa mpingo. Mwandiuza kangapo kuti mpaka lero ana akumudzi amawatcha a Chigawenga, ine n'kumasintha nkhani.

Chaona mnzako chapita. Mwambiwo malizitsani nokha, ine manyazi.

Dyna

Romford, 16 Juni 2024

Adadi,

Moni nonse. Ndamva kuti denga latha ndiponso kuti munakwera ndinu. Tidzakambirana.

A Walter sanagonje. Ku ofesi andiletsa kupita kwawo, ndiye iwo anabwera kwathu, pa takisi, atavala tayi ya kalabu ndi jekete ya maliro. Bwalya anawatsegulira chitseko, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kuti, "Ndimwe ba mfuti?" Iwo anati, "Ndinali." Anawapatsa mpando wabwino uja.

Akuti tiyeni ku ofesi ya nyuziyo. Tinafufuza. Kulibe ofesi, Adadi! Kuli adiresi ya imelo basi. Nyuzi yogwetsa munthu ilibe ngakhale chitseko choti ugogode. A Walter anandilembetsa makalata asanu ndi limodzi, lililonse laulemu kuposa linzake, mpaka lomaliza ulemu wake unkaopsa. Wolemba nkhaniyo anavomera kukumana nafe m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi msika.

Ndinakonzekera. Masamba atatu. Ndinali ndi ndime ya malamulo a utolankhani, ndime ya tsankho, ndi mawu ena omwe simungandipatse nawo malikisi. Ndinkayembekezera chimunthu cha mimba ndi ndudu.

Kunabwera kamtsikana, Victoria, zaka 23, nsapato zonyowa, maso ofiira ngati anga a nthawi ija. Amalemba nkhani khumi ndi ziwiri patsiku ali pa tebulo la kukhitchini kwa amayi ake. Chithunzi anachilandira pa imelo, chathunthu, a Walter ali momwemo. Anachidula kuti chikwane pa foni, komanso, anavomera yekha, chifukwa gogo wa ndodo amachepetsa mantha. Mfuti sanaionepo chibadwire.

Masamba atatu aja anakhala m'chikwama. Pakamwa panga panatuluka mawu anu okha: "Unandifunsa?"

Anayang'ana m'kapu. Anati, "Pepani. Inali dedilaini."

Ndinaseka, Adadi. Ndinaseka mpaka misozi, mpaka mwini malo anabweretsa madzi. Mtsikanayo anaganiza kuti ndapenga. A Walter anadikira kuti ndimalize, kenako anamuuza kuti, "Mwanawe, ine sindikufuna undikonde, ngakhale kukonda mfuti. Mnzake wa Dyna amadana nazo ndipo ali ndi zifukwa zabwino, ukamufunsenso iyeyo. Ndikungofuna undibwezere m'chithunzi changa. Ndinalipo."

Dzanja lawo linkagwedeza supuni pasosala, ngwee ngwee ngwee. Victoria anatulutsa kabuku. Anatifunsa mafunso ola lathunthu, ndipo anali mafunso abwino. Mwanayo ntchito amaidziwa, anangosowa womufunsa funso lanu lija.

Kaya edita wake alola. Kwatsala masiku khumi ndi awiri.

Dyna

Romford, 7 Julayi 2024

Okondedwa Adadi ndi Amayi,

Ndili bwino, ulendo uno zenizeni. Ndabwerera ku ntchito.

Nkhani inatuluka kutatsala masiku awiri kuti agamule. Chithunzi chathunthu: ine ndi thumba, a Walter ndi ndodo yawo yonse, dzanja lawo lili pachigongono changa. Inetu sindinkadziwa kuti anali atandigwira. Victoria analemba za kabati, za kiyi, za zipewa zija. Analembanso mawu a Bwalya osawafewetsa, ndipo dzina la malemu wa kuchipatala uja analilemba molondola. Bwana wanga anaisindikiza n'kuiika mufayilo, n'kundiuza kuti iwo sanakayikepo. Ndinameza mawu, ndipo anali aakulu.

Nkhani yoyamba inali ndi ndemanga mazana asanu ndi anayi. Iyi ili ndi khumi ndi imodzi, zitatu alemba ndi a Walter. Masamba a kwathuko sanaitole. Banja limodzi mwa awiri aja likukanabe. Ndiye musadabwe mukamva wina pa maliro akunong'ona za AK47. Zimenezo ndizisenza, ndaona kuti ena asenza zoposa.

Mfuti inapita Lachisanu. Wogulitsa anabwera ndi mapepala ake, a Walter anaipukuta komaliza. Galimoto itachoka anandiitana n'kundionetsa pomwe kiyi ankabisa zaka zonsezi: m'chitini cha mabatani cha akazi awo, pansi penipeni. Akuti mayiwo ankatsegula chitinicho sabata iliyonse. "Ndikuganiza kuti ankadziwa," anatero, "koma sanafune kundiphwanyitsa lamulo." Mukabatimo tsopano tikusungamo mabisiketi, chifukwa dokotala anawaletsa ndipo amafuna pobisa.

Mu envulopu muno muli zinthu ziwiri. Chithunzi chathunthucho ndi cha Amayi, akachionetse ku Mvano. Chinacho ndi kope la kalata yomwe ndatumiza kwa edita wanga wakale, yopempha kuti akonze nkhani ya a Biswick, dzina langa lili pansi. Mwina aika timizere tiwiri pafupi ndi zotsatsa malonda a matayala. Mwina osaika n'komwe.

Ndikubwera pa Khirisimasi, tchuthi andipatsa. Ndikufuna ndikafike kwa a Biswick ndekha, ndi miyendo yanga. Koma musawauze kuti Dyna akubwera. Musawapepesere m'malo mwanga, ndipo kalatayo musawawerengere. Bondo likalola, mupite mukakhale nawo pakhonde, mukawafunse ngati angalole kuti ndifike. Akakana, mundilembere kuti akana, ndipo sindipita.

Ulendo uno ndayamba ndi kufunsa.

Ndine mwana wanu,
Dyna